Sitampa ya Nambala 0047

Pali sitolo ina pamsika wa kwathu kuno ku Ntcheu imene masiku ano ndikamadutsapo ndimayenda ngati ndikuthamangira basi. Si kuti eni ake amandida, ayi. Akandiona amandiitana, amandipatsa mpando, nthawi zina ndi tiyi yemwe. Vuto ndi loti ndikangokhala pansi wina amayamba kumwetulira, ndipo ine ndimadziwa kumene kumwetulirako kukulowera. Ndiye ndati ndiifotokoze ndekha nkhaniyi, chifukwa mmene akuikambira anthu pamsikapo akuwonjezamo zambiri zimene sizinachitike. (Zimene zinachitikadi n'zokwana kale, sizikufunika ndiwo zina.)

Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Ndinagwira choko ku Kasinje, ndinagwira ku Champiti, kenaka n'kudzamalizira uhedi pa sukulu ina pafupi ndi kwathu, n'chifukwa chake mpaka lero anthu amanditchula kuti ahedi. Anzanga atapuma, ena anayamba kuweta nkhumba, ena kulima kachewere wogulitsa, ena anangokwatirana ndi bawo. Ine ndimatolera masitampa. Inde, timapepala tija tomata pa envulopu. Matendawa ndinawatenga ndili mwana wa sukulu ku Nzama, kumene wansembe wina wokalamba ankatigawira maenvulopu akale ochokera kunja, ndipo sanachokemo m'thupi mpaka pano.

Kwa zaka zambiri ndinkangotolera mwachisawawa, ya mbalame apa, ya nsomba apo, n'kumazimata m'kope. Zinthu zinasintha tsiku limene ndinapeza katalogi. Ndinali ku boma, pafupi ndi depoti, pamene bambo wina amayala mabuku akale pansi. Bamboyo anali atakhalira chibuku china cholemera ngati njerwa ziwiri, chopanda chikuto. Atadzuka kuti akapatse munthu chenji ndinachitsegula. Munali masitampa onse a dziko lino ndi a maiko otizungulira, iliyonse ndi chithunzi chake, mtundu wake, ngakhale kuchuluka kwa timano ta m'mphepete mwake. Chingerezi chake chinali cha zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Ndinabwera nacho kunyumba nditachikumbatira m'minibasi, wogulitsa uja ndinamusiya atakhala pa mwala.

M'bukumo ndi mmene ndinaphunzira za nambala ya puleti, ndipo mundilole ndifotokoze pang'ono, poti uphunzitsi sutha. Masitampa sasindikizidwa imodziimodzi. Amatuluka ambirimbiri pa chipepala chimodzi chachikulu, ndipo chipepalacho chimakhala ndi mkombero woyera kuzungulira. Penapake pa mkomberowo osindikiza amaikapo kanambala kosonyeza chitsulo chimene anasindikizira, chimene amachitcha puleti. Pa chipepala chonsecho, sitampa imodzi yokha ndi imene imagundizana ndi kanambalako. Anthu ambiri amang'amba mkomberowo n'kutaya. Koma akatswiri amasaka sitampa imeneyoyo, yokhala ndi kachidutswa ka mkombero ndi nambala yake, ndipo katalogi imandandalika manambala onse odziwika: 1A, 1B, 2A, choncho.

Nditawerenga tsamba limenelo katatu ndinaona kuti basi, ndine katswiri. Ndinagula galasi lokulitsa zinthu. Ndinagulanso kachopanira kaja atsikana amazulira nsidze, poti sitampa sitigwira ndi zala. Mayi akunyumba, aNambewe, anangoyang'ana zida zangazo pa tebulo n'kunena kuti, "Bola izi sizifuna madeya."

Tsopano, pamsewu waukulu uja wochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe, pamene amayi amandanda ndi ndowa za kachewere ndi kabichi, pali sitolo ya mnzanga wakalekale, Che Yusufu. Anasiyiridwa ndi bambo awo, malemu Che Jafali. Mumapezeka nsalu, sopo, mchere, machubu a njinga ndi timankhwala ta pashelefu. Pakhonde pamakhala telala ndi makina ake, ndipo cha pakona achemwali awo aakulu a Che Yusufu, Abiti Jafali, amakazinga samusa ndi mandasi. Che Yusufu ndi Msilamu, ine Mkatolika. Pa Idi ndimakadya mpunga kwawo, pa Khirisimasi amabwera kwathu, ndipo aNambewe amawaitana m'mawa kuti adzazinge okha nkhuku.

Tsiku lina m'nyengo yozizira ija chifunga chimatsika m'mapiri mpaka pamsewu, Che Yusufu anandiitana ndikudutsa. Ankakonzetsa denga la kachipinda ka kumbuyo, ndipo m'mwamba mwa khoma anapeza chitini cha mabisiketi chadzimbiri.

"Ahedi, inu mumakonda zinyalala za mtundu uwu," anatero akuchikankhira kwa ine pa kauntala. "Bambo ankagulitsa masitampa pano kale, anthu akafuna kulembera abale awo ku Joni ndi ku Halale. Awa anatsala. Muone ngati alipo okusangalatsani, enawo ndikolezera mbaula."

Ndinatsegula. Munali masitampa a mbalame osagwiritsidwa ntchito, ena atamatana ndi chinyezi. Ndinayamba kuwatembenuza ndi kachopanira kanga (ndimayenda nako m'thumba la malaya, pamodzi ndi bolopeni), ndipo cha pakati ndinaima. Inalipo imodzi yokhala ndi mkombero wake woyera, ndipo pa mkomberowo panali nambala yooneka bwino, ya inki ya pepo: 0047.

Ndinapempha kuti ndikaione bwino kunyumba, ndipo ndinayenda njira yonse dzanja lili pachifuwa ngati ndikuimba nyimbo ya fuko.

Kunyumba ndinatsegula katalogi. Mbalameyo ndinaipeza, mtundu wake womwewo, timano take tomweto. Pansi pake panalembedwa manambala a puleti odziwika: 1A ndi 1B, onse a inki yakuda. Ya 0047 panalibe. Ya inki ya pepo panalibe. Ndinafufuza masamba oyandikana nawo, ndinafufuza kumapeto, ndinafika mpaka ku masitampa a ku Zambia. Kunalibe.

Munthu wina akanati, ngati buku lalikulu chonchi silikuidziwa nambalayi, ndiye kuti pali chimene chalakwika ndi nambalayo. Ine ndinaganiza mwa mtundu wina. Ndinati, ngati buku lalikulu chonchi silikuidziwa, ndiye kuti azungu onse analemba bukuli sanaionepo, ndipo woyamba kuiona pa dziko lonse ndine, hedi wopuma wa ku Ntcheu.

Ndinawaitana aNambewe amene ankasankha nyemba pakhonde, n'kuwafotokozera zonse bwinobwino ngati kalasi. Anasuzumira pa galasi, anasuzumira m'buku.

"Ndiye mukuti m'bukumu mulibe?"

"Mulibe."

"Nanga si mwina sanalembe chifukwa kulibeko?"

"Kulibe bwanji pamene mukuiona ndi maso anu?"

"Ine ndikuona nambala ngati za pa thumba la feteleza," anatero, n'kubwerera ku nyemba zawo. Ndinawakhululukira. Si aliyense anawerenga tsamba lija katatu.

M'mawa mwake ndinavala jekete n'kupita ku sitolo, katalogi ili m'khwapa. Cholakwa changa choyamba chinali choti sindinawatengere Che Yusufu m'kati. Ndinayankhulira pakhonde pomwepo, telala ali pomwepo, amayi awiri a kachewere akuotha dzuwa pa sitepe.

"Achimwene, mbaula ija musakoleze," ndinatero. "M'chitini muja muli chinthu chimene mulibe ngakhale m'buku ili. Nambala ya puleti yosadziwika."

"Nambala puleti? Ya galimoto? Bambo analibe galimoto."

Ndinafotokoza za chipepala, za mkombero, za chitsulo chosindikizira. Che Yusufu anamvetsera mwaulemu ngati mmene amamvetserera kasitomala wodandaula za mtengo wa sopo. Kenaka anafunsa funso limene aliyense akanafunsa: "Ndiye chinthu chotero chimagulidwa bwanji?"

Apa ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa pamsikapo amandinamizira. Ine sindinatchule mtengo uliwonse. Ndinangoyang'ana kumwamba, n'kuimba kaluzu kakang'ono, kotalika pang'ono. Basi. Koma kaluzu kameneko telala anakamva, anaimitsa makina, ndipo pofika masana kaluzu kanga kanali katasanduka njinga yamoto. Pofika mawa lake kanali minibasi. Lachitatu mayi wina anandipeza kuchigayo n'kundifunsa ngati n'zoona kuti Che Yusufu akugula lole ziwiri.

Tsiku lomwe ndinaimba kaluzulo, Abiti Jafali anasiya chiwaya chawo n'kubwera akupukuta manja ku chitenje. Ndi mayi wamkulu, wochepa thupi, wosayankhula kawirikawiri.

"Ahedi, tandionetsani nambala mukunenayo."

Ndinayang'ana manja awo onyezimira ndi mafuta a samusa, n'kubweza m'thumba envulopu imene munali sitampayo. "Mayi, mundikhululukire, chinthuchi sichigwirizana ndi mafuta. Kadontho kamodzi kokha, basi chatha."

"Sindigwira, ndingoona."

"Tsiku lina, mayi, tikadzakonza malo abwino."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kubwerera kukatembenuza mandasi awo.

Masiku amenewo ndinali munthu wamkulu pamsika. Ndinkakhala pakhonde la sitolo ndi galasi langa, anthu akubwera ndi zimene apeza m'masutikesi a makolo awo. Wina anabweretsa makalata a ku migodi a nthawi ya Wenela, wina khadi la kusikelo, wina chipepala cha pa botolo la mankhwala a chifuwa chifukwa chinali ndi nambala pakona. Onse ndinkawayang'anira zinthu zawo mofatsa, n'kupukusa mutu mwachisoni ngati dokotala. Kunena zoona zinkandikomera. Chipumireni pantchito panalibe amene anandiimirapo pamzere.

Ndili m'gulu lina la pa foni la anthu otolera masitampa, ambiri a m'tauni. Ndinajambula sitampa ija n'kutumiza, ndi mawu ochepa odzichepetsa akuti mwina mabuku afunika kulembedwanso. Ambiri sanayankhe (nsanje, ndinatero mumtima). Anayankha ndi Mayi Gondwe a ku Blantyre, amene onse m'gulumo amawapatsa ulemu chifukwa atolera masitampa moyo wawo wonse. Analemba kuti: "Zachilendo ndithu. Loweruka ndikupita ku Lilongwe, ndidzaima pamsika wanuwo ndiione ndi maso."

Mawu akuti zachilendo ali ndi matanthauzo angapo. Ine ndinasankhapo limodzi, n'kukawawerengera Che Yusufu mokweza, telala ali pomwepo.

Lachinayi kunatsika munthu m'basi ya ku Mangochi, chikwama chili paphewa, nkhope ili gwa. Anali Che Amini, mng'ono wawo wa Che Yusufu, amene amachita geni ya nsomba zouma kumeneko ndipo panali patapita zaka asanagone pakhomopo. Nkhani ya lole ziwiri inali itawapeza. Sanakhale n'komwe pansi.

"Achimwene, ndamva kuti katundu wa bambo wayamba kugawidwa ine kulibe."

"Katundu wanji? Chitini chadzimbiri?"

"Ngati n'chadzimbiri bwanji simunandiimbire?"

"Denga likudontha zaka zonsezi unaimbapo iwe kufunsa?"

Mawu anakula. Zinatuluka nkhani zakale zimene ine sindinkazidziwa, za maliro a mayi awo, za njinga ya malemu imene wina anatenga osauza mnzake. Makasitomala anatuluka m'sitolo n'kukaima panja kuti amve bwino. Tsiku limenelo abale awiriwo sanadyere mbale imodzi, ndipo Lachisanu ndinamva kuti anachokera ku mzikiti aliyense njira yake, osapatsana moni. Anatumiza uthenga kwa amalume awo kuti abwere adzaweruze. Pa chinthu chimodzi chokha ndi pamene anagwirizana: sitampa isungidwe ndi ahedi, munthu wophunzira, wopanda mbali.

Mukuganiza kuti apa ndinachita mantha? Pang'ono pokha. Ndinaona kuti banja la mnzanga likung'ambika, ndipo zinandikhudza. Koma ndinadziuza kuti zinthu zikuluzikulu zimabwera ndi mavuto ake, ndipo Loweruka Mayi Gondwe akadzatsimikiza, tidzakhala pansi n'kugawa mwachilungamo. Ndinali nditayamba kale kukonza mawu oti ndidzayankhule pogawapo.

Lachisanu lomwelo masana Abiti Jafali anandiimitsanso. Ulendo uno anali atasamba m'manja ndi sopo, ndipo anandionetsa zikhatho zawo.

"Ahedi, ana a bambo anga sakuyankhulana chifukwa cha kapepala kanuko. Akuti nambala yake ndi ya inki ya pepo?"

"Ya pepo, mayi, ndipo n'chimene chikuipatsa ulemerero. Zina zonse ndi zakuda."

"Manambala ake anayi, oyamba ndi maziro awiri?"

"Mwamva bwino."

"Ndiyetu ine ndimati ndikuuzeni kuti..."

"Mayi," ndinawadula, ndipo ndinakweza chala ngati ndili kutsogolo kwa Sitandade 5, "nkhani izi zili ndi mabuku ake. Zongomva pamsika zasokoneza kale anthu. Tiyeni tidikire katswiri mawa, aliyense adzamva."

"Chabwino, ahedi," anatero. "Tidikire katswiri."

(Ndikakumbukira chala chimenecho, ndimafuna kuchiluma.)

Loweruka ndinavala suti yanga ya pa ukwati wa mwana wathu, ndi tayi. ANambewe anati abwera nawo, osati chifukwa cha sitampa koma akufuna mchere. Titafika tinapeza khonde ladzaza. Telala anali atasuntha makina ake n'kuyala nsalu yoyera pa tebulo. Amalume aja anali atafika, bambo wa ndevu zoyera ndi kofia, atakhala pakati, Che Yusufu kudzanja lamanja, Che Amini kumanzere, aliyense akuyang'ana kwake. Amayi a kachewere anasiya ndowa zawo. Ngakhale akabaza anaimika njinga.

Cha m'ma 10 koloko kagalimoto koyera kanaima. Munatuluka mayi wamfupi wa magalasi, atavala juzi ndi nsapato zathyathyathya, atanyamula kachikwama. Anadabwa kuona khamulo.

"Kodi pali maliro?" anandinong'oneza titapatsana moni.

"Ayi mayi, anthu angokonda za maphunziro."

Ndinayamba ndi mawu olonjera, amene anatenga nthawi pang'ono. Ndinafotokoza mbiri ya positi, ndinafotokoza za puleti, ndinatsegula katalogi yanga pa tsamba lake n'kuizungulitsa kuti onse aone kuti 0047 mulibe. Kenaka ndi kachopanira kanga ndinaika sitampa pa nsalu yoyera ija.

Mayi Gondwe anatulutsa galasi lawo, laling'ono kuposa langa koma lokhala ndi kagetsi. Anawerama. Anaitembenuza sitampayo n'kuyang'ana kumbuyo. Anatulutsa katalogi yawo, yatsopano, yachikuto chake, koma sanaitsegule n'komwe.

"Ahedi," anatero motsitsa mawu, "sitampayi ndi yabwino, yasungidwa bwino. Koma nambalayi sinachokere kwa osindikiza. Taonani, inki yalowerera mpaka kuseri, ndipo yakhala mopendama. Iyi inadindidwa ndi munthu pamanja, sitampa itafika kale kuno."

Munthu wanzeru akanakhala pansi pamenepo. Ine ndinakonza tayi.

"Mayi, ndi ulemu wonse, n'kutheka kuti osindikizawo tsiku limenelo inki yakuda inawathera."

"Sizichitika choncho."

"Chinthu chikakhala choyamba, mayi, chimakhala kuti sichinachitikepo. Mwina buku lanulo ndi langali onse anatsalira."

Anthu ena anavomereza ndi mitu. Che Amini anati, "Apitirize ahedi." Ndinamva mphamvu, ndipo ndinali nditatsegula pakamwa kuti ndipitirizedi pamene Abiti Jafali anatulukira m'sitolo. Anali atanyamula kanthu kokulunga m'kansalu kakale, ndi kabotolo ka jivi, mankhwala a pepo aja timapaka pa zilonda, kamene anatenga pashelefu. Anadutsa pakati pa anthu osapempha njira, n'kuika katundu wawo pa tebulo pafupi ndi katalogi yanga.

"Katswiri wayankhula," anatero. "Tsopano ndiyankhule ine wa samusa."

Anamasula kansaluko. Munali chidindo chachitsulo chokhala ndi chogwirira chamtengo, cha mtundu uja manambala ake amasintha okha ukadinda.

"Ichi bambo ankadindira timapepala ta telala. Munthu akasiya nsalu, kapepala kamodzi amamata pa nsaluyo, kena amatenga mwini wake. Inki ikatha ankathiramo jivi. Tsiku lina anapita ku mzikiti n'kundisiya m'sitolo, ndili kamtsikana. Ndinachitenga."

Anadontheza jivi pa kansanza, anapukuta manambala a chidindocho, anawazungulitsa ndi chikhadabo. Kenaka, ndisanazindikire chimene akufuna kuchita, anachikhazika pa mkombero wa tsamba la katalogi yanga n'kusindikiza. Chinalira kuti khatya. Atachichotsa panali 0047, ya pepo, yopendama pang'ono. Nambala 4 inali yoduka kamwendo. Ndinayang'ana pa sitampa ija ndi galasi langa lomwe. Nambala 4 inali yoduka kamwendo. (Kamwendo kameneko ndinali nditakaona tsiku loyamba lomwe, ndipo ndinalemba m'kope kuti ndi chizindikiro chapadera cha puletiyo.)

"Mukukumbukira bwanji nambala yeniyeniyo, zaka zonsezi?" anafunsa Mayi Gondwe, akuoneka kuti nkhaniyi yayamba kuwakomera.

"Ndingaiwale bwanji? 0046 ndinadinda pa chitseko. 0047 pa masitampa a bambo. 0048 ndinadinda pamphumi pa uyu," analoza Che Amini, "ali wakhanda, atagona pa mphasa kuseri kwa kauntala. Jivi sachoka msanga. Anatha sabata yathunthu ali ndi nambala ngati nsalu ya kwa telala, ndipo mayi ankachita kumuphimba chipewa popita naye kusikelo. Chikwapu chimene ndinalandira tsiku limenelo ndimachimvabe kukazizira."

Che Amini, bambo wa ndevu zake, anakweza dzanja n'kudzigwira pamphumi asakudziwa. Ndi chimene chinaphulitsa anthu. Anayamba ndi amalume aja, kuseka mpaka kofia kugwa. Telala anagona pa makina ake. Amayi a kachewere ankagwirana mapewa. Che Yusufu anayesa kudzigwira, koma atayang'ana mng'ono wawo ali chigwirire pamphumi, anaphulika, ndipo Che Amini nawo anayamba kuseka akupukusa mutu, mpaka awiriwo anawombana m'manja.

Ine ndinali chiimire mu suti yanga, kachopanira kali m'manja. Ndinayang'ana kumene kunali aNambewe kuti mwina ndipeze chifundo. Anali atatembenukira kukhoma, paketi ya mchere ili kukamwa, mapewa akugwedezeka.

"Mayi, bwanji simunandiuze?" ndinawafunsa Abiti Jafali.

"Ndinabwera kawiri, ahedi. Koyamba munati ndili ndi mafuta. Kachiwiri munati tidikire katswiri."

Mayi Gondwe, poti ndi munthu wachifundo, anapempha chitini chija n'kuyamba kufufuzamo kuti anthu aleke kundiyang'ana. Posakhalitsa anatulutsa sitampa ina ya mbalame yomweyo, ya mkombero wake, yokhala ndi kanambala kakuda kakang'ono kwambiri: 1B. Nambala ya puleti yeniyeni, yolembedwa m'katalogi yanga pa tsamba lomwe lija. Ndinali nditaidutsa tsiku loyamba chifukwa maso anga anali pa ya pepo.

"Iyi ndiye yoona," anatero. "Si yosowa, ambiri tili nayo, koma ndi yabwino kuyambira." Mawu akuti kuyambira anandilasa kuposa kuseka konse kuja. Anagula ndowa ya kachewere ndi samusa za m'njira, anajambula chidindo chija pa foni atapempha chilolezo kwa mwini wake, n'kupitiriza ulendo wawo.

Lolemba ndinagwira tambala wamkulu pa khola n'kupita naye kwa Che Yusufu. Ndinapempha kuti Abiti Jafali ndi Che Amini akhalepo. Ndinapepesa popanda mawu olonjera, koyamba m'moyo wanga. Ndinati ndinayambanitsa abale chifukwa chofuna kuoneka wodziwa, ndiponso ndinanyoza munthu wamkulu amene ankadziwa zoona. Abiti Jafali anamuyeza tambalayo m'manja n'kunena kuti wawonda koma alandira. Che Amini anati ndalama ya basi yokha ndi imene ikuwawawa. Che Yusufu anandiperekeza mpaka pamsewu.

"Ahedi, musadzizunze kwambiri," anatero. "Mng'ono wangayu ndinamuitana pa maliro a azakhali, sanabwere. Ndinamuitana pa ukwati wa mwana wanga, anatumiza nsomba. Inu mwamubweretsa ndi kaluzu. Akuti akhala mpaka timalize denga."

Sitampa zonse ziwiri anandipatsa. Ndinaziika pa tsamba limodzi, ya 1B pamwamba, ya 0047 pansi, ndipo pansi pa yachiwiriyo ndinalemba ndi pensulo dzina la amene anaidinda. Dzina limene anthu anandipatsa pamsika sindilemba pano, koma linachokera pa nambala ija, limayamba ndi fote, ndipo ngakhale ana a sukulu amene sanaphunzirepo kwa ine akulidziwa.

Ndinaphunzirapo kanthu, sindikana. Masiku ano ndisanatsegule buku ndimayamba ndafunsa anthu a pakhomopo, makamaka amene ali phee pakona. Mwezi watha mphunzitsi mnzanga wakale wa ku Champiti anandipatsa envulopu yokhala ndi sitampa ya gulugufe. Katalogi ikunena momveka kuti masamba a pa sitampa imeneyo ndi obiriwira. Pa yangayi ndi abuluu. Ndinafunsa mwini wake, ndinafunsa akazi awo, ndinafunsa ngakhale apongozi awo, ndipo onse akuti palibe anaipaka kanthu. ANambewe akuti envulopuyo inakhala zaka pawindo ndipo dzuwa ndi limene linadya mtunduwo, ngati mmene limachitira ndi makatani athu. N'kutheka. Koma iwo sanaione pa galasi mmene ndaionera ine, ndipo Mayi Gondwe ndawalembera kale. Ulendo uno ndawapempha kuti adzaimire kunyumba, osati pamsika.